Tsiku Limene Nyani Anaonetsa Apongozi Ake Phanga

Sunthirani kuno ana inu, utsi ukupita uko. Akuluakulu, musandiyang'ane choncho. Nthano iyi ndikamaiyamba manyazi amandigwira ine ndemwe, poti nanenso ndine mkamwini pamudzi pano. Koma ndinena basi.

Kalekale, kumapiri a ku Dedza kuja, kunali phiri lina lotchedwa Chamwala. Phirilo linali ndi mapanga, ndipo m'mapangamo munali zithunzi zimene anajambula anthu akale, zina zofiira, zina zoyera. Nyama zinkachokera kutali kudzaona. Zinkakwera pamwamba kukaona midzi ili pansi, zinkasamba pamathithi, kenako n'kumalizira kumapanga.

Woperekeza alendowo anali Mbira. Msinkhu analibe, mchira analibe, koma phiri lonse ankalidziwa ngati khonde la nyumba yake. Ankadziwa mwala woterera, ankadziwa mtengo wa njuchi. Alendo akatopa ankakhala pathanthwe, n'kumasula kamba wawo, n'kumugawirako mbatata yootcha, mtedza kapena chigumu. Mbira ankalawa pang'ono, zotsalazo n'kupita nazo kuphanga kwake, kumene kunali ana ake anayi.

Ndiye kunali Nyani. Ameneyu anakwatira kumudzi wa anyani kutsidya kwa dambo, koma khasu ankaliopa ngati njoka. Tsiku lina anauza mkazi wake kuti wapeza ntchito yapamwamba kuphiri, n'kuchoka munda uli thengo. Atafika anapeza Mbira akulandira chigumu, malovu n'kuyamba kudza.

"Iwe kambewa iwe, phiri limeneli anakupatsa ndani?" anafunsa Nyani.

"Palibe anandipatsa, achimwene. Ndinabadwira pompano."

"Kubadwa si ntchito. Taona msinkhu wakowo! Mlendo angakuone bwanji uli patsogolo m'maudzu? Kuyambira lero woperekeza alendo ndine. Phanga lakolonso ndi ofesi yanga."

Anamunyamula n'kumuponya patchire, phi! alendo akuona. Mbira anadzuka fumbi lili mbuu, mutu uli pansi. Kupweteka sikunali kanthu. Chimene chinamuwawa ndi manyazi, kuponyedwa ngati chitsononkho pamaso pa alendo amene ankamutcha aphunzitsi. Tsiku lomwelo anasamukira pansi pa chitsamba ndi ana ake, mvula ili pafupi kuyamba.

Nyani anayamba ntchito. Iye patsogolo, alendo pambuyo. Nkhope za alendo sankaziyang'ana, maso ake ankangokhala pamadengu.

"Chithunzi ichi n'chiyani?" mlendo ankafunsa.

"Amenewo ndi agogo anga."

"Nanga ichi?"

"Agogo anganso, atanenepa."

"Nanga chamadonthomadonthochi?"

"Agogo anga omwewo, akudwala nthomba. Tiyeni tikadye."

Kamba sankadikira kugawiridwa, ankangopisa dzanja yekha. Apa n'kuti ana a Mbira akutafuna makungwa, mitambo ikuda tsiku ndi tsiku.

Mbira anaganiza, anaganiza. Kenako anatsika phiri, anawoloka dambo, mpaka kumudzi wa anyani kuja. Kumeneko anakagwada pamaso pa gogo Nasoko, namkungwi wamkulu wolanga atsikana akakula msinkhu. Nasoko ameneyu ndiye anali mpongozi wa Nyani.

"Amayi," anatero Mbira, "phanga lanu lapamwamba lija, limene munkalangiramo anamwali, papita zaka musanalione. Bwerani mawa ndi anzanu. Kuli woperekeza watsopano, wodziwa mbiri kuposa ine."

Amayi anakondwa, n'kuyamba kukazinga mtedza. Mbira anakwera phiri kukapeza Nyani.

"Bwana, mawa kukubwera alendo a madengu khumi. Koma ndati ndikuuzeni, muwabweze."

"Khumi? Ndiwabweze? Wapenga kodi?"

"Akufuna phanga lapamwamba, la zithunzi zoyera. Amenewa kamba amangopatsa yekhayo amene analangidwira momwemo. Inu munalangidwiramo ngati?"

Za phanga limenelo amuna sankauzidwa, ndipo Nyani sanafunse. Anangoganiza kuti ndi mmene anyamata ankasandukira amuna.

"Ine? Mwezi wathunthu!" anatero, akudziguguda pachifuwa. "Choka apa."

M'mawa amayi anafika, madengu ali pamutu. Nyani anawerenga madengu, anakwanadi khumi, n'kutembenuka osapereka ndi moni womwe. Mayi wina anakodola Nasoko.

"Kodi si akamwini anu awo?"

Nasoko anafunda chitenje kumutu, n'kubwerera kumbuyo kwa mzere, poti munthu ndi mkamwini wake sayang'anana m'maso. "Khalani chete," ananong'ona. "Tiione ntchito yapamwambayo."

Anakwera, anakwera. Kanjira ka kuphangako kanali kopapatiza, kumanja khoma la mwala, kumanzere thanthwe lotsetsereka mpaka kumtsinje. Atalowa, amayi anatula madengu, n'kuyang'ana zithunzi zoyera zija mwakachetechete, ena misozi ikulengeza pokumbukira utsikana wawo. Nyani anakhosomola.

"Amayi inu, phanga lino musalione chonchi. Ine ndinalangidwira muno."

Amayi anayang'anana.

"Inuyo, bambo?" anafunsa mayi wina wachikulire, dzina lake Nambewe.

"Ine amene."

"Ndiye anakumetani?"

"Mpala!"

"Mikanda ya m'chiuno anakuvekani?"

Nyani anazengereza pang'ono, koma fungo la mtedza linamulowa m'mphuno. "Mizere isanu!"

"Nanga kuvina kwake munakhoza?"

"Kuposa anzanga onse."

"Tavinani tione."

Amayi anayamba kuomba m'manja, ndipo ana inu, Nyani anavina. Chimuna chachikulu, ndevu zili nyankhalala, manja m'mwamba, chiuno tekeseketekeseke! Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Nyani ankati akumutama, n'kuwonjezera moto.

"Iii, namwali wakhoza!" anatero Nambewe, akupukuta misozi. "Kodi namkungwi wanu anali yani?"

Apa ndi pamene ndimafuna kubisa nkhope. Nyani anasakasaka dzina m'mutu, n'kupezamo limodzi lokha.

"Simungawadziwe. Kankhalamba kena ka kutsidya, Nasoko. Kolongolola, mano awiri okha m'kamwa."

Manja analeka kuomba. Pakhomo pa phanga, chitenje chinatsika pang'onopang'ono. Nyani anakweza maso, n'kuona nkhope ya apongozi ake. Chiuno chinauma chili chopendekera komweko.

Nasoko sanamuyang'ane. Analankhula ndi anzake.

"Anzanga, tandifunsirani apongozi angawa. Zaka makumi atatu ndalanga anamwali m'phanga lino, koma namwali wandevu sindikumukumbuka. Kodi mwana wanga ndinamukwatitsa kwa namwali mnzake? Ndiye n'chifukwa chake munda uja uli thengo?"

Nyani anafuna kuti pansi pang'ambike alowepo, koma pansi panali mwala. Khomo linali limodzi, ndipo pakhomopo ndi pamene panaima apongozi. Anaphimba maso ndi manja onse awiri, n'kuyamba kutuluka chokwawa, akuti, "Pepani, pepani, zikomo, pepani." Pofika pafupi ndi Nasoko anachita zimene mkamwini aliyense waulemu amachita akakumana ndi apongozi panjira: anapatuka. Koma mbali ina kunali khoma, ndiye anapatukira kumbali ya thanthwe lotsetsereka lija.

Terererere! Anatsetsereka chokhala pathanthwe lonse lija, utsi ukufuka kumbuyo, mpaka mumtsinje, khuvuu! Ubweya wonse wa kumatako unatsala pathanthwe. Atavuuka, kumbuyo kunali psuu.

Mbira anatuluka kuseri kwa mwala kumene anabisala. Nasoko anamutembenukira.

"Iwe Mbira, unadziwa. Wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

Mbira anagwada, mutu pansi. "Ndinadziwa, amayi. Pepani. Koma ana anga akugona pachitsamba, ndipo mvula ndi iyo ikubwerayo."

Nasoko anayang'ana kumwamba, n'kuusa moyo. "Katenge anawo. Madenguwa tikutulira kuphanga kwako."

Madontho oyamba anayamba kugwa ana a Mbira ali kale m'phanga mwawo, masaya atatupa ndi mtedza.

Nyani sanakwerenso phiri la Chamwala. Anabwerera kumudzi cham'mbalimbali, ndipo amayi akamuona ankangoyamba kuomba m'manja, iye n'kulowa patchire. Mpaka lero nyani akakhala pamwala sakhazikika. Amayang'ana uku, amayang'ana uko, kuopa kuti apongozi atulukira. Nkhope amatha kuibisa, koma manyazi ake anakamera kumene manja safikako.

Ndiye inu amene mumaperekeza alendo kumapiriku, mukafuna kuthira mchere pa mbiri ya malo, yambani mwafunsa ngati eni mbiriyo sali nawo pagulupo.

Kaphuleni mbatata munakwirira paphulusa ija. Nthano yanga yapsa nayo limodzi.