Chipinda Chimodzi Choyang'ana Kumsewu

Kalekale, komatu osati kale kwenikweni, ku Lunzu kudali mayi wamasiye dzina lake Nangondo. Mwamuna wake atamwalira, alamu ake adakokolola zonse zooneka ndi maso: njinga yamoto, mashini osokera, ngakhale mbuzi. Chomwe sadachidziwe ndi ndalama za pa intaneti, zosadutsa kubanki, zimene malemuyo ankasunga m'foni.

Posakhalitsa mwini nyumba imene Nangondo ankachita lendi, bambo Chikopa, adati akuigulitsa. Adampatsa masiku atatu: aonetse kuti ndalama zogulira ali nazo, apo ayi atuluke ndi ana ake. Nangondo mtima sudakhale m'malo. Ankangolowa, kutuluka, kumasula chitenje n'kuchimanganso. Bambo Chikopa ankamwera limodzi ndi alamu aja. Akangoona kuchuluka kwa ndalamazo, madzulo omwewo alamu adzakhala ali pakhomo kudzatenga zotsala, za fizi ya ana.

Mlongo wake wa Nangondo, Lufeyo, wokonza mafoni pamsika, adatenga foni ya malemu, yomwe idali yosweka. Adalimbana nayo tsiku lathunthu osadya, mpaka idayaka, ndalama zija n'kuoneka.

M'mawa mwake adatsika minibasi mng'ono wake wa Nangondo, Ndaziona, wophunzira masamu kuyunivesite. Iye adakonza umboni wa masamu wonena chinthu chimodzi chokha: kuti ndalamazo sizichepera pa mtengo wa nyumba. Chiwerengero chenichenicho chidabisika. "Achemwali," adatero, "auone aliyense umboniwu, sadziwa kuti muli ndi zingati."

Koma bambo Chikopa adakanitsitsa, amvekere iwo sakhulupirira chinthu chimene maso awo sadachione. Pamenepo Abiti Sumani, mnzake wa Nangondo wogulitsa naye tomato, adasiya malonda ake akuvunda padzuwa, nakakhala pakhonde pa bamboyo. Sadasunthe kufikira bamboyo atalola kuti katswiri wa makompyuta womusankha yekha auyese umboniwo. Udapezeka woona. Nyumba idagulidwa n'kulembedwa m'dzina la ana, ndipo za zotsalazo alamu sadamve kanthu.

Nyumbayo idali ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, choyenera malonda, ndipo Nangondo adafuna kuthokoza nacho. Lufeyo adati popanda iye ndalamazo zikadafera m'foni. Ndaziona adati popanda iye zikadadyedwa ndi alamu. Abiti Sumani sadanene zambiri, adangofunsa kuti umboni wokanidwa umagula nyumba yanji.

Nangondo adayambanso kuzungulira pabwalo, kiyi ali m'manja, chakudya osachikhudza. Onse atatu ankawakonda, koma chitseko chidali chimodzi.

Nanga inu mwamva nkhaniyi, mukadakhala Nangondo, kiyiyo mukadampatsa yani?