Chishango cha a Joaquim

Malasha a ku Moatize atayamba kuitana anthu, nyumba mu Tete zinayamba kusowa ngati mchere pa nthawi ya nkhondo. Amadeu, mwana wa ku Angónia wokhala ku Matema, sanagone tulo. Nyumba yake anaichititsa lendi kwa anyamata a kumgodi, iye ndi banja lake n'kukadzipanikiza m'kachisakasa ku Nhartanda, kufupi ndi Zambezi.

Pa katundu wosamutsayo panali chishango chachikopa cha ng'ombe. Malemu bambo ake, a Joaquim, katswiri wovina ngoma ya Angoni, anapanga zishango ziwiri ali kothawa nkhondo ku Malawi. Pomwalira anasiyira Amadeu china, china mlongo wake Tomásia. Chithunzi chawo panalibe, ndiye za bamboyo zinatsala ndi zikopa ziwirizi basi.

Tomásia chake anali atapereka kale ku muzeu, nyumba yosungiramo zamakolo mumzindamo, womwe eni ake ndi Anyungwe.

"Achimwene, kasiyeni chanucho komweko," anatero Tomásia. "Ku Nhartanda n'kudambo, madzi sachita kuodira."

"Iwe wapenga! Cha bambo ndikapatse Anyungwe, aziyang'ana ngati nsomba yapamsika? Chako unataya, changa undisiyire."

Mkulu ameneyu akati toto, ndi toto. Chishango anachikulunga m'saka n'kuchikankhira pansi pa kama.

Mvula ya mwezi wa Janeiro itakula, madzi anadzaza dambo lonse, anthu n'kuthawa ndi ana ndi mapoto okha. Pobwerera, Amadeu anapeza chikopa chitafufuma, ubweya utasosoka, fungo lokhalokha. Anachikwirira kuseri kwa chisakasa, ndipo analira ngati akuika bambo ake kachiwiri.

Tomásia pakamwa pankamuyabwa, koma sanamuseke. Loweruka lina anangoti, "Valani malaya abwino, mundiperekeze."

Ku muzeu Amadeu analowa mokoka miyendo. Koma abale, maso alibe mwano! Anaima pa nyanga, zitoliro zabango zomwe Anyungwe amaimba akuvina mozungulira. Anaona valimba, mangolongondo a Asena, ndi zikho zake, ng'oma za Achewa, mitsuko yojambulidwa mokoma. Zaka zonsezi mu Tete, anthu amenewa ankangowadziwa pokanganirana malo m'chapa, minibasi ya kumeneko, ndipo manyazi anamugwira.

Pakhoma lomaliza mtima unagunda. Chishango cha Tomásia chija chinali pomwepo, ubweya wakuda ndi woyera uli waliwali, dzina la a Joaquim lili m'munsi mwake.

Woyang'anira nyumbayo, Mnyungwe wina dzina lake Carlos, atamva kwa Tomásia kuti mlendoyo ndani, anachitsitsa ndi manja awiri.

"Ndinu mwana wa mwini wake? Gwirani, senhor. Ife timangochipukuta ndi kuchiteteza ku njenjete."

Amadeu analowetsa dzanja kuseri kwa chikopa, n'kugwira ndodo pamene thukuta la bambo ake linadetsa. Misozi inatsika yokha.

"Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni," anatero kwa Carlos. Kenaka anatembenukira mlongo wake. "Achemwali, ndinakunyozani. Mukanamvera ine, bwenzi bambo atapitiratu ndi madzi."

"Lero ndasanduka achemwali?" Tomásia anaseka, naye akupukuta m'maso. "Zikomo wapakamwa sakhutitsa, mukandigulire nkhuku yootcha."

Amadeu anachibweza yekha pakhoma, mtima uli myaa. Chimene anaumira chinamuolera pansi pa kama, chimene mlongo wake anapatsa eni mzinda ndicho anachipeza chili bwinobwino. Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.