Kambuku Wofiira wa Pilirani

Panali mphunzitsi wina wa Sitandade 5 amene tsiku lina analowa m'kalasi atanyamula makirayoni abuluu ndi ofiira, ndiponso timapepala tofiira toonekera, tokutira maswiti tija.

Iye anati, "Aliyense ajambule nyama ndi kirayoni yabuluu, mosadinikiza. Akatha, aikhwatchekhwatche ndi yofiira mpaka ibisike."

Ana anatero. Kenaka mphunzitsi anapatsa mtsikana wina kapepala kofiira kuti ayang'anire chojambula chake. Zokhwatcha zonse zinazimirira, ndipo panatulukira fulu, wathunthu ndi chigoba chake. Eee, kalasi yonse inadzuka! Mabenchi anagwa, ana akulimbirana kapepalako. Mphunzitsi anafotokoza kuti chofiira chimameza chofiira chinzake, koma chabuluu chimakana, chimangoda bii n'kuonekera. Ndiye analengeza kuti aliyense ajambule nyama yatsopano, Lachisanu makolo adzabwere kudzazisaka.

M'kalasimo munali mnyamata wina dzina lake Pilirani. Kujambula ankakutha, apo pokha tisanamizane. Mayi ake anali asanapondepo pasukulupo, ndipo ankati kujambula n'kungotha makope. Pilirani anawachonderera mpaka anavomera kusiya khasu tsiku limenelo. "Mudzaona kambuku, amayi," anawalonjeza.

Koma Pilirani ankakhala benchi yakumbuyo pamodzi ndi anyamata akuluakulu. Iwowa anaiseka kirayoni yabuluu. Amvekere ndi mtundu wofooka, wa makanda, amuna enieni amagwira yofiira basi. Eni akewo sankajambula kanthu, ankangokhwatcha. Mawu a aphunzitsi Pilirani anawamva, koma kuseka kwa anzake kunamveka kwambiri. Anaponya yabuluu ija pansi pa benchi, najambula kambuku wake ndi yofiira. Ndipo anali kambuku ndithu, wamawanga, wandevu, mchira uli mwamba, moti ukanamuona ukanaliyatsa liwiro. Pamwamba pake anakhwatcha ndi yofiira yomweyo.

Lachisanu kalasi inadzaza. Bambo wina anapeza ng'ona, nabwerera m'mbuyo akuseka. Mayi wina atapeza nkhanga ya mwana wake analiza nthungululu mpaka a Sitandade 6 anabwera kudzasuzumira pazenera. Uyu njovu, uyu birimankhwe, chisangalalo chokhachokha.

Mayi a Pilirani anapukuta manja pachitenje, nalandira kapepala kofiira. Anayang'ana. Anatembenuza chojambulacho. Anasintha diso.

"Ali kuti kambukuyo, mwanangu?"

"Yang'anitsitsani, amayi."

Anayang'anitsitsa, koma papepalapo panalibe kanthu. Kambuku anali atapita limodzi ndi zokhwatcha. Pilirani anacheukira kumbuyo, koma anzake aja anali atatuluka kale kukasewera mpira. Manyazi anamugwira, misozi ili lengelenge.

Mayi ake anamubwezera kapepalako ndi manja awiri, nanena chapansipansi, "Usadandaule. Kapena ndi maso angawa, akalamba."

Inu achinyamata, mwamvatu. Kambuku analipo, wokongola kuposa nyama zonse m'kalasimo, koma anavala mtundu wa zomuphimba. Iwenso ukatengera mtundu wa gulu lako poopa kusekedwa, tsiku loti uoneke udzazimirira nalo limodzi. Oseka aja sadzakhalapo. Adzakhalapo ndi amene amakukonda, akukufunafuna papepala, n'kumadziimba mlandu okha chifukwa chosakupeza.