Dzuwa la Pafoni ya a Douwe

Mlamu wanga Douwe atapuma ntchito ya positi, nyumba yawo inachepa. Munthu amene zaka zonsezi ankatuluka m'mamawa ndi njinga ya makalata, tsopano ali tsonga m'khitchini, kuphunzitsa mkazi wake mosungira masupuni. Renske, mng'ono wanga ameneyo, ndi woleza mtima, koma ngakhale chitsime chimaphwa.

Chaka chomwecho dokotala anamuuza Renske kuti m'maso mwake mukulowa nkhungu, ndipo ndi nkhungu yosachotseka. Akuti chilimwe chino muona ndithu, chinacho sindilonjeza. Renske sanalire. Anangopempha chinthu chimodzi basi, kuti aone phiri maso asanatseke. Kwathu ku Friesland kuno phiri ndi mlatho wa pangalande, ukakwera pampando waona dziko lonse. Iye ankafuna phiri lenileni, lovala chipale chofewa kumutu.

Douwe, kunena zoona, anachita chamuna. Anagula chigalimoto chogonamo chija, cha bedi, sitovu ndi kachimbudzi mkati, choti ukatembenuka chigongono chagunda ketulo. Anapakira tchizi, khofi, njinga ziwiri kumbuyo, n'kugula matikiti a sitima yapamadzi yopita ku Norway. Kumapiriko anali ndi masiku asanu ndi awiri, sitima yobwerera siidikira munthu. Pamene panalowa chiwanda ndi apa: anasungitsa malo ogona m'mapaki awiri a magalimoto ogonamo nthawi imodzi, ina kumadzulo kwa mapiriwo, ina kum'mawa. Maina ake musandifunse, amathyola lilime.

"Tigona kuwiri, a Douwe?" Renske anafunsa. "Mundidula pakati ngati buledi?"

"Iwe sudziwa mvula. Ikagwa uku tithawira uko, ikagwa uko tibwerera uku. Foni imanena zonse. Taona pamapu apa, mtunda wake chala chimodzi. Chala chimodzi ndi ola limodzi."

Kwathu kuno ndi zoona zimenezo. Msewu uli njo ngati chingwe, mvula umaiona ikuchokera kunyanja, umapalasa pang'ono n'kuisiya kumbuyo. Koma ndani anamuuza Douwe kuti chala cha ku Norway n'chofanana ndi chathu?

Anafikira kumadzulo. Nkhungu ili bii, ngakhale njinga zawo zakumbuyo osaziona. Mwini malowo, mayi wina wonenepa dzina lake Solveig, anawalozera m'mwamba mopanda kanthu.

"Phiri lili apo. Khalani pansi, imwani khofi. Limavula chipewa likafuna lokha."

Kutacha, Douwe anayang'ana foni. Kadzuwa kachikasu kali ngwee kum'mawa.

"Renske, manga makapu. Tikupita."

Chala chimodzi chija chinadya maola asanu. Msewu wopindika ngati matumbo a mbuzi, mbali ino thanthwe, mbali inayo phompho. Nkhosa zogona pakati pa phula, ukaziimbira hutala zimangokuyang'ana ngati uli ndi mlandu nazo. Renske maso atsinzina, wakumbatira ketulo. Kufika kum'mawa, mvula ili pwata pwata. Mwini malo wa kumeneko, nkhalamba ina yotchedwa Torleif, anakanda ndevu.

"Dzuwa? Linalipo ndithu, lokongola. Lachoka cha m'ma thu koloko. Mukanabwera m'mawa."

Douwe anayang'ananso foni. Kadzuwa kaja kasamukira kumadzulo, pamalo penipeni pamene anamwera khofi m'mawa uja.

Munthu wanzeru akanaseka n'kukhala pansi. Douwe anati foni siinaname, iwo ndi amene anachedwa kunyamuka. M'mawa mwake anadzutsa mkazi wake tchizi chili kukamwa, ulendo wobwerera. Solveig anawalandira manja ali m'chiuno.

"Mwabweranso? Dzulo mutangokhota apo, phiri lonse linatuluka. Anthu anajambula mpaka mafoni kudzaza."

Tsiku lachinayi, kum'mawa. Tsiku lachisanu, kumadzulo. Mitu inayamba kusokonekera. Douwe anatsika galimoto n'kupereka moni kwa Solveig kuti "Bambo Torleif." Renske anatuluka ndi chopukutira kupita kubafa, n'kukapezeka ali m'khola la nkhuni, poti bafa analisiya kupaki inayo.

"Kodi tili kuti, a Douwe?"

"Kum'mawa."

"Nanga mayi wonenepa uja akutani kum'mawa?"

"Ndiye kuti tili kumadzulo."

"Lero n'lachingati?"

"Lachitatu. Ayi, dikira. Tinadya nsomba zam'chitini liti?"

"Ine ndikufunsa tsiku, inu mukundiuza nsomba! Ndabwera kudzaona phiri, a Douwe. Chimene ndaona ndi mawaipala opukuta galasi. Uku, uku, uku, uku, ngati inu nomwe."

Tsiku lachisanu n'chimodzi, lomwe linali lomaliza kukhala kumapiriko tsiku lathunthu, kunacha ndi nkhungu yomwe ija. Douwe foni ili kale m'manja.

"Lero ndiye lero. Kum'mawa kuli dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kwera."

Renske anatenga mpando wake wopinda, jasi la mvula, fulasiki ndi kachikwama ka mankhwala. Anatsika, n'kuukhazika mpandowo paudzu, kuyang'ana kumene Solveig analoza tsiku loyamba.

"Sindikwera."

"Ukhala pamvula?"

"Ndikhala."

"Ukuyang'ana chiyani? Palibe kanthu apo!"

"Kulibe kanthu kuno, kulibe kanthu uko. Bola kopanda kanthu kosagwedezeka."

Apa mvetserani nzeru za mwamuna wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri. Akuti, "Chabwino, ndingopita ndikaone ngati dzuwalo lilipodi, ndibwera kudzakutenga."

"Maola asanu kupita, asanu kubwera, asanu kupitanso. Iwe Douwe, dzuwalo ukalimangirira pachikhomo ngati mbuzi?"

Renske akafika pa "iwe" ndiye kuti zinthu zavuta. Douwe analiza galimoto mwamphamvu, kuganiza kuti mkazi amuthamangira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachipata, diso lili pagalasi. Renske akutsanula khofi. Kubwerera kunamuchititsa manyazi, Solveig ali pakhomo akuonerera. Basi anapita, iye mwini osadziwanso chimene akupitira.

Atayenda theka la njira, anapeza magalimoto aima mndandanda. Miyala inali itagumuka kuphiri n'kutseka msewu. Anthu a timagalimoto tating'ono anatembenuka n'kubwerera. Douwe naye anati atembenuze chinyumba chakecho pamsewu wopapatiza ngati lamba. Kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, kumbuyonso pang'ono, tayala lakumbuyo tibu m'matope a m'mphepete. Ndipo mvula imene inagwa pamenepo, akuti siinali ya madontho, inali ya zidebe. Mkulu uja anagwada m'matope kusanja miyala pansi pa tayala, madzi akulowera m'khosi kutulukira m'nsapato. Atatopa analowa mkati n'kuyang'ana foni. Kadzuwa kumadzulo. Kadzuwa kum'mawa. Kamtambo kamodzi kokha kakuda, pakati, pamutu pake. Anaigwedeza foni ija, kuizimitsa, kuiyatsanso, kuyesa yawonongeka.

Siinawonongeke. Kumadzulo kuja, itangokwana thwelofu koloko, nkhungu inang'ambika ngati nsalu yakale. Renske anaona chinthu choyera m'mwamba n'kuyesa mtambo, kapena nkhungu ya m'maso mwake momwe. M'galimoto ina yapafupi munali bambo wina wa ku Germany, wamasiye, wa tsitsi losalala bwino, dzina lake Eckhard. Ameneyo ndi amene anabwera n'kunena kuti, "Mayi, si mtambo umenewo." Anamupatsa mkono, kuyenda naye mpaka pathanthwe, n'kumuikira magalasi oonera kutali m'manja. Renske anaona zonse. Chipale kumutu, miyala yakuda m'nthiti, madzi akutsika ngati ulusi. Analira mpaka bamboyo kumubwereka mpango. Patapita maola awiri phiri linavalanso chipewa chake.

Renske anagona kwa Solveig. Douwe anatulukira m'mawa mwake, atakokedwa ndi thirakitala ya mlimi wina, akuyetsemula ngati mphaka. Nkhungu ili bii, ndipo inali nthawi yonyamuka kukakwera sitima.

"Renske... akuti linatuluka?"

"Linatuluka."

"Unaliona?"

"Ndinaliona."

"Linali bwanji?"

"Kafunseni a Eckhard. Ndi amene anandigwira mkono."

Kuchokera pamenepo mpaka kudoko, m'galimotomo munkalankhula makapu okha.

Pano maso a Renske achita mdima, ngakhale nkhope zathu amatizindikira ndi mawu. Koma pakakhala phwando la tsiku lobadwa, tonse takhala mozungulira pabalaza, keke ili pamaondo, mdzukulu wina amangoyamba dala: "Agogo, tatiuzeninso za phiri lija." Renske nkhope imawala. Amalifotokoza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osaiwala mpango wa a Eckhard, kuti unkanunkhira sopo wabwino. Zikafika pamenepo Douwe amanyamuka kukaphika khofi amene palibe wamupempha.

Ine sindinena kanthu akadali kukhitchini, ndingawononge mawu. Ndimadikira alowe ndi thireyi yake, afike pakati penipeni pa bwalo, ndiye ndimawauza anawo mokweza, poti alamu anga khutu lina silimva bwino: mapanga awiri avumbwitsa.