Mvuu Afuna Chilimwe Chachitatu

Kalekale, padangokhala. Muziyankha kuti tili tonse, inunso a Folomu 4 mwabisala kumbuyoko. Ndamva kuti mayeso anu akubwera ndi mafunso a malamulo aakulu a dziko. Tsekani makopewo kaye, iyi simuipeza m'menemo.

Kunali dziwe lina lotchedwa Chamatete, limene silinkaphwa ngakhale mitsinje yonse itauma gwa. Nyama zinkamenyanirana madziwo chaka ndi chaka, mpaka zinatopa ndi maliro. Zinakhala pansi n'kupangana malamulo. Dziwe likhale ndi mlonda wosankhidwa, woti aziuza aliyense pomwera. Mlondayo alonde zilimwe ziwiri basi, kenako apatse mnzake. Ndipo lamulo lisasinthidwe pokhapokha zitavomera nyama ziwiri pa zitatu zilizonse. Woweruza milandu anali Nantchengwa, mbalame ija imangoyang'anitsitsa m'madzi ngati yagwetseramo singano.

Anasankhidwa Mvuu. Chilimwe choyamba analonda bwino ndithu, tisamunamizire. Chachiwiri anasamukira pakati pa dziwe, pozama, pozizira bwino. Chitatsala pang'ono kutha, anayamba kudandaula.

"Zilimwe ziwiri n'chiyani?" ankatero. "Dziweli ndangoyamba kumene kulidziwa. Ntchito zachitukuko ndazisiya panjira."

Ntchito zake ziti, palibe anafunsa. Mvuu anayamba kuitana nyama imodziimodzi kuseri kwa bango, kuti zivomere kuchotsa malire a zilimwe ziwiri. Nguluwe anamulonjeza thope lakelake. Mbidzi anamulonjeza kumwa m'mamawa, madzi asanavunduke. Anyani anawapatsa mkuyu wa pagombe ndi nkhuyu zake zonse. Aliyense anatuluka kubangoko akuyang'ana kumbali, akunyambita milomo. Ndikunena ndi manyazi, ana inu: palibe amene anaopsezedwa. Anagulidwa ndi pomwera, pomwe madziwo anali awo kale. Mwa oitanidwawo Njati yekha anakana, nayenso osati chifukwa cha chilungamo, koma udindowo ankaufuna iyeyo.

Tsono pansi pa dziwe, kunsi kwa mwala, kunkakhala Nkhanu ndi ana ake. Mwalawo unali pansi penipeni pa malo ogona Mvuu, motero Nkhanu ankadziwa chimene ena sankafuna kudziwa. Mvuu sankapita kutchire. Akamva m'mimba ankangodzithandiza m'madzi momwemo, mchira uli phephephe, kumwaza ndowe uku ndi uku. Nyama zikamwa madzi zinkachita tsinya, n'kumati, "Ndi mizu ya bango imeneyi." Koma ana a Nkhanu anali atayamba kufa mmodzimmodzi, ndipo dziwe lina losamukirako kunalibe. Nkhanu ankangopirira poganiza kuti chilimwe chachiwiri chikutha.

Atamva za kusintha lamulo, anawerenga nyama. Zonse zinalipo makumi atatu, Mvuu ankafuna makumi awiri, ndipo anali nazo kale ndi ziwiri zapamwamba. Nkhanu anapita kwa Nantchengwa.

"Oweruza, kodi mungoonerera?"

"Mayi, lamulo loletsa zimene mukunenazo palibe," anayankha Nantchengwa, maso ali m'madzi. "Ndipo akasintha lamulo motsata lamulo, ine ndilibe chonena. Ndimaweruza zimene munapangana, osati zimene zikundinunkhira."

Nkhanu anabwerera akulankhula yekha. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anayenda cham'mbali, cham'mbali, mpaka anafika pamphuno pa Mvuu, n'kuwomba m'manja ndi mapanda ake.

"Zikomo bwana. Ndabwera kudzakuthokozani. Ife akunsi timadya zambiri zochokera kwa inu."

"Wayankhula bwino," anatero Mvuu, makutu akugwedezeka.

"Koma chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo, bwana. Mukachotsa malire a zilimwe, chisankho chizichitikabe. Nanga Njati akadzakugwetsani? Nayenso adzakhalapo mpaka kalekale."

Mvuu anasiya kutafuna.

"Ndiye ine ndimati, bwana, koma ndine wamng'ono, nzeru zanga n'za kunsi kwa mwala. Njati uja akamamwa amalowa ndi ziboda zamatope. Bwanji muwonjezere kalamulo kena, koti wodetsa madzi asakhale mlonda, ndipo woweruza amuchotse tsiku lomwelo? Njati sadzanunkhako udindo."

Mvuu anaseka mpaka dziwe linachita mafunde. Za mchira wake sanaziganizire n'komwe. Wafungo sadzimva, ana inu, ndipo Mvuu m'maso mwake zimene ankachitazo sikunali kudetsa madzi, kunali kukhala pakhomo pake.

Tsiku la msonkhano linafika. Nyama zinasonkhana pagombe, Nantchengwa anatera pachitsa kuti awerenge. Kuvomera kunali kukweza mwendo wakutsogolo. Mvuu ananena zosintha zake zonse ziwiri, ndipo kalamulo ka wodetsa madzi anakanena kawiri, akuyang'ana Njati. Miyendo inakwera. Nguluwe anakweza, Mbidzi anakweza, anyani anakweza yonse iwiri mpaka anadzudzulidwa. Nsato, posowa mwendo, inakweza mutu. Gulo anali kungogwedezera mutu monga mwa masiku onse, osadziwa n'komwe nkhani yake, ndipo anamuwerengera pomwepo. Nkhanu nayenso anakweza phanda lake, ana ake akumuyang'ana modabwa.

"Lamulo lasintha," anatero Nantchengwa.

Kenako kunali phwando. Nyama zinabwera ndi mphatso zothokozera mlonda wamuyaya. Nkhanu anali atanong'oneza anyani kuti bwana amakonda mango aawisi, ndipo anyani anatuta mtengo wonse. Mvuu anadya mango, anadya maungu, anadya nsenjere zanthete, anabwereranso ku mango. Dzuwa litafika paliwombo, mimba inayamba kulira, gudugudu, gudugudu. Nyama zinali zitamuzungulira m'madzi osaya, zikuimba nyimbo yomutamanda, kukamwa kuli yasa. Mvuu anatembenuka mwachizolowezi.

Phephephephe!

Nyimbo inathera pakati. Mbidzi mizere yake inasowa. Nguluwe, amene anali patsogolo potsogolera nyimbo, ndisanene. Kunkangomveka zogwa m'masamba a mkuyu, tho, tho, tho.

Nkhanu anakwera pamwala. "Oweruza, ndabwera ndi mlandu. Mboni sindiitana, mukuziona nokha."

Mvuu anadzidzimuka. "Lamulo limenelo ndi la Njati! Ndinalipanga ndine!"

"Munanena kuti wodetsa madzi," anayankha Nantchengwa, akupukuta mlomo wake pachitsa. "Dzina simunatchule. Munalinena kawiri, tonse tinamva."

"Ndiye ndikulisintha pompano."

"Pezani nyama ziwiri pa zitatu zilizonse."

Mvuu anayang'ana Nguluwe, Nguluwe anayang'ana pansi. Anayang'ana anyani, anyani anali kalikiliki kutokosolana m'makutu. Anayasamula kukamwa kwake konse kuti mano aoneke, koma Njati ndi abale ake anasendera pafupi, nyanga zili pansi. Lamulo liposa mphamvu, makamaka likakhala ndi nyanga kumbuyo kwake. Mvuu anamira pang'onopang'ono mpaka panatsala maso ndi timakutu, n'kusambira kupita kumapeto kwa dziwe. Mpaka lero masana satuluka, amadikira usiku kuti anthu asamuone nkhope.

Nyama zinathamangira kumadzi kuti zisambe, koma Nkhanu anazitsekereza.

"Musasambe kaye. Mvuu wachoka, koma malire a zilimwe ziwiri munachotsa aja sanabwerere. Taonani uko."

Pamchenga panali Ng'ona, akuothera dzuwa, akumwetulira. "Ine ndaima nawo pa chisankho," anatero mofatsa. "Madzi sindidetsa. Ndikadya sinditsaza kanthu."

Nyama zinabwerera pagombe, zinaima pamzere momwe zinaimira m'mawa, zonunkha, ntchentche zili ng'waa. Nantchengwa ankaitana dzina limodzilimodzi, ndipo mokweza.

"Nguluwe, m'mawa unati malire achoke. Tsopano ukuti bwanji?"

"Abwerere," anatero Nguluwe chapansipansi.

"Sindinamve."

"Ndati abwerere, oweruza."

Anatero ndi Mbidzi, anatero ndi anyani, mmodzimmodzi, ana awo akuonerera. Anyani aang'ono anafunsa amayi awo kuti nanga m'mawa munakwezeranji miyendo, ndipo amayiwo anangowakankhira kumbuyo. Chiwerengero chitakwana, Nkhanu anatsika pamwala n'kubwerera kwa ana ake otsalawo. Palibe anamuthokoza, chifukwa kumuthokoza kukanafuna kumuyang'ana m'maso.

Akuluakulu mwakhala apa, ndikuona mwayamba kukanda pansi ndi zala zakumapazi. Musadandaule, sinditchula munthu. Inenso chaka china ndinakwezapo dzanja pamsonkhano chifukwa cha nsalu imodzi, ndipo nsaluyo inasuluka isanakwane Khirisimasi. Inu a mayeso, akakakufunsani kuti malamulo aakulu amateteza anthu kwa yani, mukalembe kuti kwa mlonda. Koma pansi pake mukasiye mzere umodzi wa okweza miyendo.

Nthano yanga yathera pompa, ndaitula. Amene yamudonthera, madzi ali kuseri.