Basera wa Nungu

Pa msika wa m'thengo la Chimwala panamveka malonda amene wanzeru akawamva amayamba wagwira thumba lake. Fisi analengeza kuti akugula minga ya Nungu: munga umodzi, nthenga ziwiri za nkhanga, zofewa, zamawangamawanga. Minga imene aliyense ankaithawa inali itapeza wogula, wolipira kawiri.

Nungu anali atatopa nayo mingayo. Pa ukwati kaya pa maliro, akakhala pamphasa anzake ankasendera mpaka kukakhala pafumbi. Chaka china anamupatsa khanda la Gwape kuti alinyamule, mwangozi analibaya pantchafu. Bala la mwanayo linapola sabata yomweyo, koma Nungu kuyambira pamenepo ankadzitcha chitsamba choyenda.

"Mayi Nungu, mwavutika mokwanira," anatero Fisi. "Zulani khumi lero, khumi mawa. Mwezi ukamatha mudzakhala mukulera makanda a mudzi wonse."

"Nanga inu a Fisi, minga muchita nayo chiyani?"

"Zotokosera m'mano, mayi. Ndikuyembekezera phwando."

Nungu anayamba kudzizula. Munga uliwonse unkachoka ndi kadontho ka magazi, iye n'kumata nthenga pabalapo ndi ulimbo. Inali nyengo yozizira, ndipo mame akagwa nthengazo zinkayoyoka m'njira. Pamphasa anzake ankasenderabe, kungoti tsopano ankasendera akubisa kuseka.

Woyandikana naye anali Mfuko, wogulitsa mbatata, wosaona bwino koma wa makutu akuthwa.

"Achemwali, masiku ano simukuchita tswatswa poyenda," anatero Mfuko m'mawa wina. "Mwadwala?"

Nungu anamufotokozera za malonda aja, mawu ali otsika ngati a wodwaladi.

"A Fisiwo ananenerera mtengo?"

"Ayi."

"Sananene kuti minga yanu ndi yopindika, yabwino anaiona kwina?"

"Ayi, amachita kuiyamikira."

Mfuko anapuma mozama. "Ine ndakalambira pa msika uno. Wogula weniweni amanyoza mbatata yako uku akuiika m'thumba. Wosanenerera sanadzere katundu, wadzera mwini katundu. Nthenga zonsezi, eni ake mwawaonapo posachedwa?"

Nungu anakumbukira kuti nkhanga zinalidi zitachepa kudambo.

"Komabe ndinabaya mwana wa eni," anatero pomaliza. "Chabwino chimene minga imeneyi inachitapo n'chiyani?"

"Munamubaya kamodzi. Mwanayo lero ali ndi ana akeake, akudumpha michera ngati sizinachitike. Inu mwakhala mukudzibaya zaka zisanu, tsiku ndi tsiku. Mlandu munalipira kalekale, pano mukungowonjezera basera kwa amene sanakupempheni. Ndipo tsiku lija Kambuku anatithamangitsa, anatseka khomo la una ndi msana wake ndani? Limenelo simuliwerenga?"

Nungu anadziyang'ana kumbuyo: panatsala timinga tatifupi ta kumchira basi. Anali wotopa, wozizidwa, msana uli zilonda zokhazokha, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzimvera chisoni m'malo modziseka.

Masana anakapeza Fisi kuseri kwa chulu, kumene ankachitira malonda awo.

"A Fisi, malonda atha. Totsalati sindigulitsa."

"Palibe vuto, mayi," anatero Fisi, akusuntha pang'onopang'ono kutseka njira, malovu ali chuchuchu. "Koma kasitomala ngati ine, wosanenerera, mungandibweze opanda basera? Timinga takumchirato tingondikwanira."

Mawu akale aja anamunong'onezanso Nungu mumtima kuti ndiwe chitsamba chabe, mpatse zithe. Koma anakumbukira khomo la una lija.

"Mwanena zoona, basera samanidwa," anatero, akutembenuka. "Yandikirani mudzisankhire nokha."

Fisi anawerama, mphuno patsogolo, kukamwa kuli yasa. Nungu anabwerera chambuyo ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira. Kulira kwa Fisi kunamveka mpaka pamsika, ndipo Mfuko, osadzutsa n'komwe mutu pa mbatata zake, anangoti, "Wogula uja walandira."

Malondawo onse awiri anawalipira, koma mosiyana. Nungu analipira nyengo yozizira yathunthu ali msana pamtunda, kufikira mvula yoyamba pamene minga inaphukanso, iye n'kuyambanso kuchita tswatswa poyenda. Pamphasa ambiri ankasenderabe, koma Mfuko ankakhala pafupi, kungosiya mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo Nungu anaona kuti mpata woterowo si chidani. Fisi analipira nthenga mulu wonse, diso limodzi ndi mphuno yobowoka patatu, phwando lija osalilawa.

Phunziro: Chimene ukudzinyoza nacho, wina anachiwerengera kale mtengo. Ukalakwa lipira kamodzi n'kudzikhululukira, pakuti wodzigulitsa motchipa sasowa wogula wanjala.