Gologolo Akana Nsengwa Imodzi

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale ndikukaika ngati tifike kumapeto maso ali ouma.

Chidali chaka cha njala yoopsa. Mvula idadula chimanga chili m'mawondo, mtedza udapserera usanabereke, nyama zinkayenda nthiti zili pamtunda. Chaka chomwecho ndiye Nangondo, mkazi wa Gologolo, adabereka mwana wawo woyamba. Mwambo mukuudziwa: mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo mwamuna salowamo. Choncho Gologolo ankangomumva mwana wake kulira kuseri kwa chitseko. Nkhope adali asanaione, dzina adali asanatche.

"Abambo," Nangondo adatero ali m'katimo, "mawere auma. Masiku awiri ndangomwa madzi okha. Kapezeni kanthu, kalikonse."

M'dera lonselo, amene adali ndi chakudya adali Njati yekha, nkhokwe yodzaza mtedza wa chaka chatha. Kuba kudali kosatheka, mkazi wake ankakhala pomwepo ndi munsi m'manja. Koma makoswe ankamusowetsa mtendere Njati, poti mwini wake nyanga sizinkalowa m'nkhokwemo. Adafuna mlonda wochepa thupi, wodziwa kukwera. Zidabwera nyama zambirimbiri, iye n'kusankha Gologolo.

"Ntchito ndi yako, iwe," adatero Njati. "Nsengwa imodzi ya mtedza mwezi uliwonse. Ndipo monga timachitira kuno, tikagwirana chanza lero, phoso loyamba unyamula lero lomwe."

Nsengwa imodzi! Nangondo akadadya, mkaka ukadabwerera, nthano yanga ikadathera pomwepa. Koma mutu wa Gologolo sunkadziwa kukhala phee. Adaona kuti Njati akulankhula maso ali kunkhokwe, nati chamumtima, "Mkuluyu wapanikizika. Wotchula mtengo woyamba amakhala atabisa wina."

Mkazi wa Njati adamuikira mbale ya mtedza wokazinga, poti mlendo sachezera pouma. Fungo lake, mayo ine! Malovu adadzaza m'kamwa. Koma adakumbuka kuti wanjala sanenerera: akangomuona akumeza osatafuna, nsengwa yomweyo aichepetsa.

"Zikomo amayi, ndakhuta kale. Bwana, nkhaniyi ndikagone nayo."

Mimba idalira kuti gudugudu. Iye adatsokomola kuti aibise.

Atafika kwawo, Nangondo adafunsa kuseri kwa chitseko, "Mwabwera ndi chiyani?"

"Ndabwera ndi ntchito, Nangondo! Akuti nsengwa imodzi, koma mawa zikhala ziwiri. Mpaka ndawakanira mbale ya mtedza, kuti aone kuti ndine munthu."

"Mwakana mbale?" adafunsa Nangondo. Kenako amvekere, "Abambo, imodziyo ikwana."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Nangondo. Tsiku limodzi lokha."

M'mawa mwake adadzola mafuta a nsatsi pamilomo mpaka idachita psetete, napondaponda ndowe za njovu, n'kukafika kwa Njati akuyenda ngati mwini msewu.

Njati adanunkhiza. "Wachokera kwa Njovu?"

"Aaa, bwana, mphuno zanuzo! Sindimafuna kuti mudziwe. Andiitana okha mbandakucha, andidyetsa zonona. Akuti nsengwa ziwiri. Ine ndawauza kuti mtima wanga uli kwa a Njati, koma mtima nawo umadya."

Njati adapalasa pansi ndi chiboda. "Njovu amafuna chilichonse chimene ndaloza ine! Ziwiri ndiye ziwiri. Bwera nacho chanza."

Apa ndiye ndimapsa naye mtima Gologolo. Wapempha ziwiri, wapatsidwa ziwiri, kukana chiyaninso? Koma kuvomera msanga kwa Njati kudamuuza kuti m'thumba mukadali zina. Adabisa dzanja kumbuyo.

"Ndikawatsanzike kaye a Njovu mwaulemu, angandipondere kanyumba kanga."

Mbale idabweranso. Adaikananso, akuloza milomo yonyezimira ija.

Madzulo amenewo mwana ankalira ngati kamphaka, motsitsa, mopumira.

"Mwamumva?" adatero Nangondo. "Dzulo ankalira mpaka anthu kumva kuchitsime."

"Ndiye kuti wayamba ulemu, watengera bambo ake," Gologolo adaseka. Adaseka yekha. Akadamuona mwanayo, mwina akadathamangira kwa Njati nthawi yomweyo. Koma pakati pawo padali chitseko, ndipo kumva kokha kumalola munthu kudzinamiza.

Tsiku lachitatu adatola zitosi za makoswe pachulu chakale, nadzaza chikho. Podutsa pankhokwe ankagwetsa pang'onopang'ono kuseri kwa mchira wake wa bweya uja, uku akupereka moni kwa mkazi wa Njati.

"Kalanga ine! Bwana, tabwerani muone! Awa si makoswe a dzana aja, awa aitana ndi akuchikazi omwe. Ntchito imene mudandiuza ija idali ya nsengwa ziwiri. Iyi ndi ina."

Njati adazungulira nkhokwe kawiri, thukuta kamukamu. "Lichero lodzaza, mwezi uliwonse! Yamba lero, chonde."

Bwana kunena kuti chonde! Gologolo adamva kukoma mpaka kumchira. "Lichero si loipa," adatero akuyang'ana kumwamba. "Mawa ndibwera ndi yankho lenileni."

Tsiku limenelo Nangondo sadafunse kuti wabwera ndi chiyani. Gologolo adafotokoza yekha za zitosi zija, akutsanzira mayendedwe a Njati pakhomo, ngati kuti mkazi wake akumuona.

"Abambo," adatero Nangondo pomaliza, mawu ali otheratu, "ndakupemphani."

"Mawa, Nangondo. Ndikulumbira, mawa ndigwira chanza. Dengu lathunthu! Mwanayu akamadzatuluka ndidzamutcha Madalitso, mudzaona."

Tsiku lachinayi adalawirira. Kuseri kwa mpanda wa Njati kudali mtsuko wosweka kukamwa. Adalowamo, nakuwa, mawu n'kutuluka aakulu ngati a chilombo cha m'madzi.

"Odi kuno! Gologolo ali kuno? Ndatumidwa ndi a Mvuu! Akuti dengu lake lili kale pakhomo, asachedwe ndi anthu oumira!"

Adatuluka, nazungulira msangamsanga, natulukira kunjira akupukuta m'maso. "Mwadzuka bwanji bwana? Ndamva ngati wina amatchula dzina langa?"

"Palibe, ndi mphepo," adatero Njati mwaukali. "Tamvera iwe. Dengu lodzaza mwezi uliwonse, kanyumba pambali pa nkhokwe, ndi mbatata ukadwala. Kupitirira apo, makoswe adye basi!"

Gologolo adaona kuti chingwe chafika poduka. Adatambasula dzanja. Adagwirana chanza, mkazi wa Njati nadzaza dengu mpaka mtedza kumagwa m'mbali. Mbale itabwera, ulendo uno adadya mpaka kunyambita.

Amene adamuona m'njira tsiku limenelo akuti dengu linkaoneka ngati likuyenda lokha, pansi pake pakutuluka nyimbo. Kanyama kosakwana chiboda cha Njati kadamupinda Njati katatu! Ankaseka, ankavina, ankayeseza mmene akafotokozere za mtsuko zija.

Atafika, adapeza chitseko cha chikuta chili chotsekula.

Amayi atatu a pamudzipo adakhala pakhonde, makasu awo ali ndi dothi lachinyezi. Padalibe wolira mokweza, poti khanda losatuluka m'chikuta salilira mokweza. Nangondo adakhala pansi atatsamira khoma, manja ali pamiyendo, opanda kanthu.

"Nangondo, mwatuluka bwanji mchombo usanagwe? Taonani dengu! Komanso kanyumba, komanso mbatata..."

"Tulani apo, abambo. Mwana wapita m'mawa, inu mutangotuluka. Amayiwa amusunga kale."

Dengu lidagwa, mtedza n'kumwazika bwalo lonse. Padalibe adautola.

"Ndionetseni pamene mwamuika. Ndingomuona pamene wagona."

"Amuna sapitako, mukudziwa. Ndipo sitiloza." Nangondo adatola kamtedza kamodzi kamene kadagubudukira paphazi pake, nakayang'ana nthawi yaitali. "Adali ndi mchira ngati wanu. Ndimafuna muuone." Adakaika pansi. "Nsengwa ija ikadakwana, abambo. Ngakhale mbale ija."

Gologolo, mwini mayankho, amene sadasowepo chonena pamaso pa nyama iliyonse, adangodzigwetsa pansi pakati pa mtedza uja. Adalira, abale anga. Adalira mpaka mawu kutha, ndipo amayi aja sadamuletse ngakhale mwambo unkakana.

Ntchito adaigwira, ndipo adaigwira bwino. Njati adali bwana wachilungamo, dengu silidachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Koma Gologolo akalandira, ankatapa mtedza n'kulowa nawo m'thengo. Akaona pamene dothi likuoneka lofewa, ankakumba pang'ono, n'kuikapo kamtedza, n'kukwirira bwinobwino ndi timanja take. Kenako kuganiza kuti mwina si apa, n'kupita pena.

Mpaka lero akukwirirabe. Anthu amati gologolo ndi wanzeru, amasunga za mawa. Ena amamuseka kuti amaiwala pamene wakwirira. Saiwala ayi. Safukula chifukwa si wake, ndi phoso la mwana.

Nthano yathera pamenepa. Mbatata ili pamoto ija kaphuleni mudye nokha, ine njala yandithera.